Kodi jakisoni wa lenacapavir angatseke zipata za m'maselo a mng'ono wanga?

"Ndine mtsikana wophunzira unamwino, ndili chaka chachiwiri. Mng'ono wanga akufuna kuyamba jakisoni woteteza ku HIV wobaya kawiri pachaka uja, wa lenacapavir, akangofika pachipatala cha kwathu. Ndinawerenga kuti mankhwalawa amalepheretsa kachilombo kulowa mu nyukiliyasi ya selo. Koma m'kalasi tinaphunzira kuti mapuloteni athu nawonso amalowa mu nyukiliyasi nthawi zonse, atanyamulidwa ndi mapuloteni ena otchedwa importin. Mtima wanga sukukhazikika. Ngati jakisoniyo amatseka njira kwa miyezi isanu ndi umodzi, kodi sangatsekerenso kunja mapuloteni a mng'ono wangayo? Mnzanga wina akuti ivermectin amagwira ntchito yomweyo ndipo ndi wotchipa. Ndimuuze chiyani mwanayu?"

Achemwali, khazikitsani mtima pansi. Lenacapavir satseka chipata chilichonse cha m'selo la munthu, ndipo importin samukhudza. Chimene amagwira ndi chigoba cha kachilombo ka HIV, chomwe chimapangidwa ndi puloteni imene thupi la munthu lilibe n'komwe. Funso lanuli landisangalatsa, makamaka chifukwa lachokera kwa munthu amene posachedwa azidzabaya anthu jakisoni ameneyu. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa za maselo ndi mankhwala, ndaona ophunzira ambiri akuloweza kuti mankhwala akutiakuti amaletsa kulowa mu nyukiliyasi, osafunsa kuti akuletsa ndani ndipo akumugwira pati. Tiyeni tione kaye mmene katundu wathu amalowera, chifukwa mukamvetsa zimenezo mudzaona nokha pamene mankhwalawa amaluma.

DNA yathu imakhala mu nyukiliyasi, yotchingidwa ndi nembanemba ziwiri zosanjikizana. Koma mapuloteni onse amapangidwira kunja kwake, mu cytoplasm. Choncho puloteni iliyonse yofunika mkatimo iyenera kuwoloka, kaya ndi ma histone amene DNA imakulungidwapo, kaya ma enzaimu okopera ndi kukonza DNA, kaya mapuloteni oyatsa ndi kuzimitsa majini. Nawo mauthenga a RNA ayenera kutuluka. Njira ndi imodzi yokha, zipata zoboola nembanemba ziwiri zija. Selo limodzi la munthu limakhala ndi zipata masauzande angapo, ndipo chilichonse chimamangidwa ndi mitundu pafupifupi 30 ya mapuloteni otchedwa nucleoporin, oyalidwa mbali zisanu ndi zitatu kuzungulira bowo lapakati. Chipata chimodzi chimatha kuwolotsa katundu pafupifupi 1,000 pa sekondi, wina akulowa wina akutuluka.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti chipatachi chilibe chitseko chotseguka ndi kutsekeka. Bowolo ladzaza ndi timichira ta mapuloteni tolendewera, topanda maonekedwe okhazikika, ndipo pa timichira timeneti ma amino asidi (tizidutswa tomangira mapuloteni) awiri, phenylalanine ndi glycine, amabwera mobwerezabwereza. Timalo timeneti timatchedwa FG. Phenylalanine sagwirizana ndi madzi, ndiye ma FG amamatirirana okhaokha n'kupanga chinthu chonanda ngati therere. Tinthu tating'ono monga mchere ndi timapuloteni tochepa timadutsa tokha. Puloteni ikapitirira ma kilodalton (muyeso wa kulemera kwa mapuloteni) pafupifupi 40 imayamba kuvutika, ndipo ikakula kwambiri imakanika. Imene imadutsa mosavuta ndi yokhayo imene kunja kwake kuli timalo totha kugwira FG n'kutaya msanga, kugwira ina n'kutayanso, mpaka kutulukira tsidya lina. Mapuloteni okhala ndi luso limeneli ndiwo onyamula katundu athu.

Nanga wonyamulayo amadziwa bwanji katundu woyenera kulowa? Katunduyo amakhala ndi chizindikiro pathupi pake. Mu 1984, Daniel Kalderon, Alan Smith ndi anzawo ku London anapeza kuti puloteni ina ya kachilombo ka SV40 imalowa mu nyukiliyasi chifukwa cha ma amino asidi 7 okha ondondozana, amene timawalemba kuti PKKKRKV. Zilembo za K ndi R zikuimira lysine ndi arginine, onse okhala ndi mphamvu ya magetsi ya pozitivi. Atangosintha lysine mmodzi, puloteni yonseyo inatsalira kunja. Atalumikiza ma amino asidi omwewo ku puloteni ina imene siikhala mu nyukiliyasi, nayo inalowa. Chizindikiro chimenechi ndi chija mumachilemba kuti NLS. Wonyamula wake anadzadziwika patapita zaka khumi, mu 1994, pa ntchito ya Dirk Görlich ali mu labotale ya Ron Laskey ku Cambridge. Gulu la Günter Blobel ku New York linkamutchula kuti karyopherin, choncho mukaona mayina awiriwa m'mabuku dziwani kuti akunena banja limodzi.

Amene amawerenga chizindikirocho ndi importin alpha. Thupi lake ndi zigawo 10 zofanana zosanjikizana, zotchedwa armadillo, ndipo zikasanjikizana zimapanga chinthu chachitali, chopindika pang'ono, chokhala ndi ngalande m'litali mwake. M'ngalandemo muli timatumba tokhala ndi mphamvu ya negetivi, momwe lysine ndi arginine wa NLS amalowa n'kukhazikika. Malo ogwirira ndi awiri, aakulu ndi aang'ono, chifukwa mapuloteni ena, monga nucleoplasmin, chizindikiro chawo n'chogawika pawiri ndipo chimagwira malo onsewo nthawi imodzi. Chimene ine chimandigometsa ndi mchira wa alpha. Kumayambiriro kwa thupi lake kuli mchira umene nawonso ukufanana ndi NLS. Alpha akakhala yekha, mchirawo umapindikira m'ngalande muja n'kuitseka, ndiye sangagwire katundu mwamphamvu. Ngalande imatseguka bwino pokhapokha wonyamula mnzake, importin beta, atagwira mchirawo n'kuukokera pambali. Mwa njira imeneyi alpha sanyamula katundu asanapeze womuwolotsa, ndipo akafika mkati mchira womwewo umathandiza kukankha katunduyo kuti achoke. Munthu ali ndi mitundu 7 ya importin alpha, ndipo uliwonse uli ndi katundu amene umakonda.

Importin beta ndiye amakumana ndi FG. Iyeyu ali ndi zigawo 19 zotchedwa HEAT, chilichonse chopangidwa ndi timizere tiwiri topotana, ndipo zonse pamodzi zimazungulira n'kupanga thupi lotha kutambasuka ndi kufinyika. Mbali yamkati imakumbatira mchira wa alpha. Mbali yakunja ili ndi timaenje tambiri momwe phenylalanine wa FG amalowa kwa kanthawi kochepa zedi. Kugwira kulikonse n'kofooka, ndipo kufooka kumeneko ndiko kumachititsa kuti ulendo ukhale wachangu. Kusinthasintha kwa thupi lake kumathandiza beta kukumbatira zinthu zosiyana kukula. M'banja la beta muli mapuloteni pafupifupi 20 mwa munthu. Ambiri safuna alpha, amagwira okha katundu wawo, monga transportin 1 ndi transportin 3, ndipo ena monga exportin 1 ntchito yawo ndi yotulutsa.

Tsopano funso n'lakuti, popeza wonyamula amatha kudutsa mbali zonse, n'chiyani chimachititsa kuti katundu aunjikane mkati osabwerera? Yankho ndi kapuloteni kakang'ono kotchedwa Ran. Mu nyukiliyasi muli RCC1, womatirira ku DNA yokulungidwa ija, amene amaika pa Ran kanthu kosunga mphamvu kotchedwa GTP. Kunja kuli RanGAP, amene amathandiza Ran kuphwanya GTP ija kukhala GDP, imene ndi yochepa mphamvu. Ndiye mkati mumadzaza Ran wa GTP, kunja Ran wa GDP. Beta akangofika mkati, Ran wa GTP amamugwira, thupi lake limasintha kapindidwe, n'kutaya alpha ndi katundu. Beta amatuluka ndi Ran uja, kunja GTP imaphwanyidwa, Ran amachoka, beta n'kukhala wokonzeka kunyamulanso. Alpha amabwezedwa kunja ndi wonyamula wina wotchedwa CAS, ndipo Ran amabwezedwa mkati ndi NTF2. Mphamvu yonse imathera pa kusunga kusiyana kwa Ran mkati ndi kunja, pomwe kuwoloka kwenikweniko sikudya mphamvu.

Zimenezi zimaoneka ndi maso, ndipo ndimakonda kuzionetsa ophunzira. Mumatenga maselo, n'kuboola nembanemba yakunja yokha ndi mankhwala otchedwa digitonin kuti zamkati mwa cytoplasm zitayike koma nyukiliyasi itsale yathunthu. Kenako mumathira puloteni yowala mobiriwira yokhala ndi NLS. Pa maikulosikopu, nyukiliyasi imakhala bii. Mukawonjezera alpha ndi beta, m'mphepete mwa nyukiliyasi iliyonse mumaoneka mkombero wobiriwira, chifukwa katundu wafika pazipata n'kuima. Mukawonjezeranso Ran ndi GTP, pakangotha mphindi zingapo mkati monse mumayera mbee.

Nkhawa yanu ili ndi maziko pa mfundo iyi: mankhwala ogwira onyamula athu enieniwo amapweteka thupi ndithu. Selinexor, amene anavomerezedwa ku America mu 2019 pa khansa ya m'mafupa yotchedwa multiple myeloma, amatseka exportin 1. Amapha maselo a khansa, koma odwala ambiri amachita nseru, amasanza, amafooka, amaonda, ndipo ma platelet, timaselo tothandiza magazi kuundana, amatsika kwambiri, chifukwa selo lililonse m'thupi limadalira wonyamula ameneyu. Palinso banja lina lalikulu ku Spain limene anthu ake amabadwa ndi transportin 3 wolakwika pang'ono. Mu 2019 ofufuza ku Madrid anaona kuti maselo a magazi a anthu amenewa, akawaika mu labotale, HIV imavutika kwambiri kuwalowa. Koma cholakwika chomwecho chimawapatsa matenda ofooketsa minofu ya m'mapewa ndi m'chiuno. Tizilombo tina timadziwanso kuti apa ndi pofewa. Puloteni ya Ebola yotchedwa VP24 imakhala pa importin alpha kuti STAT1, wonyamula uthenga wakuti thupi ladwala, asalowe mu nyukiliyasi. Choncho lenacapavir akanakhala kuti amagwira importin, bwenzi ndikukuuzani zina lero.

Nanga HIV imalowa bwanji? Kachilomboka kakalowa m'selo, majini ake amakhala atatsekeredwa m'chigoba chotchedwa capsid, chosongoka mbali imodzi, chotakata mbali inayo. Chimamangidwa ndi puloteni imodzi yokha yobwerezedwa ka 1,500 kapena kuyandikira apo, yoyalidwa m'timagulu ta zisanu ndi imodzi pafupifupi 250 ndi timagulu ta zisanu 12. Kwa zaka zambiri tinkaphunzitsa kuti chigobachi chimasweka chisanafike pachipata, chifukwa mbali yake yotakata ndi ma nanomita pafupifupi 60, pomwe mabuku ankati chipata chimalola ma nanomita 40 basi. Nanomita imodzi mungaipeze mutagawa milimita magawo miliyoni. Mu 2021 ofufuza ku Heidelberg anajambula zigoba zathunthu zili m'kati mwa zipata za maselo a T, maselo a chitetezo cha m'thupi amene HIV imalowa, ndipo zinaoneka kuti m'selo lamoyo bowolo ndi lotakata kuposa mmene tinkaganizira. Kenako mu 2024 magulu awiri, lina la David Jacques ku Sydney ndi lina la Görlich yemwe uja pamodzi ndi Thomas Schwartz, anasonyeza kuti chigobachi sichifunikira kunyamulidwa ndi importin. Pathupi pake pali timaenje tambirimbiri togwira FG, ndiye chimawoloka chokha ngati mmene beta amachitira, chitanyamula majini a kachilombo ngati katundu wake.

Kaenje kameneka kali pamene mapuloteni awiri oyandikana a chigoba amakumana. Ndimo mmene chigoba chimagwirira FG ya Nup153, puloteni ya chipata ya mbali yamkati, komanso CPSF6, imene imachiperekeza kumalo a DNA kumene kachilombo kamakonda kudzisokerera. Lenacapavir amakhala m'kaenje komweko, ndipo amagwira mwamphamvu zedi. Akakhalamo, chigoba chimalephera kugwirana bwino ndi mapuloteni athu aja, chimauma mopitirira muyeso, ndipo ulendo wake wolowa ndi kumasula majini pa nthawi yake umasokonekera. Amasokonezanso kamangidwe ka zigoba zatsopano, moti tizilombo totuluka timakhala topunduka. Ma FG a m'chipata amatsala omasuka, alpha ndi beta akupitiriza ntchito, Ran akuzungulira monga kale. Mwa munthu wopanda HIV ngati mng'ono wanu, mulibe chigoba choti mankhwalawa agwire, ndiye amangoyenda m'magazi kudikira. Amatha miyezi isanu ndi umodzi chifukwa amasungunuka pang'onopang'ono pansi pa khungu, thupi limachedwa kuwachotsa, komanso ochepa kwambiri amakwanira.

Umboni wake ulipo kwa anthu. Pa kafukufuku wa PURPOSE 1, amene anachitika ku South Africa ndi ku Uganda pakati pa atsikana ndi amayi achitsikana oposa 5,000, palibe ndi mmodzi yemwe mwa 2,134 amene anabayidwa lenacapavir amene anatenga HIV pofika nthawi imene zotsatira zinatuluka mu 2024. Pa kafukufuku wachiwiri, wa PURPOSE 2, amene anatenga HIV ndi awiri mwa 2,179 obayidwa lenacapavir. Bungwe loona za mankhwala la FDA ku America linavomereza jakisoniyu ngati chitetezo mu Juni 2025, ndipo WHO inamulimbikitsa mu Julayi chaka chomwecho. Mavuto amene anaoneka kawirikawiri anali a pamalo obayapo, mutu ndi nseru, osati kufooka kwa thupi lonse konga kwa selinexor kuja.

Za ivermectin, mnzanuyo wamva mbali imodzi. N'zoona kuti mu 2012 Kylie Wagstaff ndi David Jans a ku yunivesite ya Monash ku Australia anaona kuti ivermectin amasokoneza ntchito ya importin alpha ndi beta m'maselo a mu labotale, ndipo mu 2020 nkhani yomweyo inatchuka pa COVID-19. Koma mlingo umene unafunika m'mbale ya mu labotale ndi wochuluka kambirimbiri kuposa umene umafika m'magazi munthu akamwa mlingo wovomerezeka. Atayesa pa odwala COVID-19 m'kafukufuku wamkulu monga TOGETHER ku Brazil, sanathandize. Palibe kafukufuku wosonyeza kuti amateteza munthu ku HIV. Ivermectin ndi mankhwala abwino kwambiri pa ntchito yake, mphere ndi njoka zina, komanso matenda a khungu ndi maso aja amene amagawira mankhwala ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo kumeneko amagwira ntchito polumalitsa mitsempha ya tizilomboto. Womwa wambiri pofuna kufika pa mlingo wa mu labotale amachita chizungulire, amasokonezeka mutu, amatha kukomoka. Taonaninso kuti akanakhala akugwiradi importin m'thupi, ndiye kuti ivermectin yemweyo ndiye akanachita chimene mukuopacho. Muuzeni mnzanuyo mwachikondi koma mosabisa, chifukwa mtsikana wodalira ivermectin ali pa mbalambanda.

Zoyenera kuda nazo nkhawa pa lenacapavir zili kwina, ndipo apa ndipo ndikufuna unamwino wanu ugwire ntchito. Chachikulu ndi kuyezetsa magazi asanayambe komanso asanabayidwe ulendo uliwonse. Munthu amene ali kale ndi HIV akalandira lenacapavir yekha, kachilombo kamatha kusintha kaenje kaja n'kupima mankhwala. Anthu awiri a pa PURPOSE 2 aja anapezeka ndi kusintha kotchedwa N74D pachigoba. Ngati mng'ono wanu anagonana mosadziteteza masabata ochepa apitawa, kapena wamva kutentha thupi, zilonda zapakhosi, zotupa m'khosi ndi totuluka pakhungu, anene asanabayidwe, chifukwa kachilombo kongolowa kumene nthawi zina sikaoneka pa zoyezera zachangu. Ngati zachitika m'maola 72 apitawa, chofunika ndi PEP, mankhwala oteteza ku HIV omwa zitachitika kale, lero lomwe.

Tsiku loyamba amabayidwa majakisoni awiri pansi pa khungu, kawirikawiri pamimba, n'kumwa mapilitsi awiri, ndipo mawa lake amamwanso awiri. Mapilitsiwo asawanyozere, ndi amene amakweza mankhwala m'magazi msanga jakisoni asanayambe kusungunuka mokwanira. Wotsatira amabwera pakatha masabata 26, ndipo amalola kusiyana kwa masabata awiri okha uku kapena uku. Akasiya, mankhwala amatsalira m'thupi mochepa mpaka chaka kapena kupitirira, osakwanira kuteteza koma okwanira kuphunzitsa kachilombo kupima. Choncho wosiya kapena wochedwa apite kukafunsa njira ina yodzitetezera, asangokhala.

Pamene lenacapavir amakumana ndi mapuloteni athu ndi m'chiwindi, pa enzaimu ya CYP3A. Rifampicin wa TB amaifulumizitsa enzaimu imeneyi moti mlingo wa lenacapavir umatsika, chimodzimodzinso mankhwala a khunyu monga carbamazepine ndi phenytoin. Kuno kwathu TB ndi yofala, ndiye akapezeka nayo auze achipatala kuti ali pa jakisoniyu kuti aone ngati akufunika mlingo wowonjezera kapena njira ina. Lenacapavir nayenso amatha kukweza mlingo wa mankhwala ena m'magazi, choncho azinena kulikonse kumene akulandira chithandizo. Ngati panopa akumwa PrEP (mankhwala omweratu podziteteza ku HIV) ya mapilitsi a tenofovir, ayezetse hepatitis B asanasiye, chifukwa tenofovir amaletsanso kachilombo kameneko pomwe lenacapavir sakaletsa, ndipo kusiya mwadzidzidzi kumatha kudzutsa matenda a chiwindi.

Muuzeniretu za chotupa. Anthu ambiri amamva kambulu kolimba pansi pa khungu pamalo obayapo, kogwirika ndi chala ngakhale kosaoneka kwenikweni, ndipo kamatha kukhala miyezi ingapo. Ndi mankhwala aja ataunjikana pamodzi ndi mmene thupi lawazingira. Asakafinye kapena kukatema mphini. Atsikana ena amasiya jakisoni chifukwa palibe anawauza, n'kuganiza kuti ndi khansa. Koma pamalopo pakafiira kwambiri, kutentha, kutuluka mafinya kapena kuchita chilonda, apite kuchipatala. Akatupa nkhope kapena milomo, kapena kubanika atangobayidwa, imeneyo ndi ngozi yothamangira nayo. Inunso mukadzayamba kubaya, samalani kuti singano ifike pansi pa khungu penipeni, chifukwa kubaya m'khungu mwenimwenimo kumatha kuyambitsa chilonda.

Jakisoniyu si katemera ndipo sachiza HIV. Satetezanso ku chindoko, chinzonono kapena mimba, ndiye kondomu ndi njira zolera zikhalepobe. Amayi amene anatenga pakati ali pa PURPOSE 1 ankaloledwa kupitiriza, ndipo WHO imalola oyembekezera ndi oyamwitsa kulandira, koma adziwitse asikelo. Pamene akudikira kuti jakisoniyu afike kwanuko, asakhale chimanjamanja. Apite akayezetse sabata ino, afunse PrEP ya mapilitsi, kapena jakisoni wa cabotegravir wa miyezi iwiri iliyonse ngati akupezeka pachipatala chanucho, ndipo ngati angalole mumuperekeze.